Mapepala Okulungira Zitumbuwa

Mpaka lero ndikangomva fungo la pepala lonyowa ndi mafuta otentha, agogo a Nangozo amangoti tulukiru m'maso mwanga, atakhala pakhonde miyendo tambalale, nsalu ataikwinyira m'maondo, utsi wa nkhuni za bulugamu ukuwalowa m'maso iwo osaphethira n'komwe, chiwaya chikulira kuti chwaa nthawi iliyonse akaponyamo mtanda wa nthochi ndi mgaiwa. Kudzanja lawo lamanja kunkakhala beseni la zitumbuwa, kumanzere mulu wa mapepala wopsinjidwa ndi mwala kuti mphepo ya m'mapiri athu a Neno isauluze. Pakati pa beseni ndi mapepalawo pankakhala kampando ka miyendo itatu. Kampandoko kanali kanga. Ndinene msanga kuti kanali kanga, chifukwa nkhani yonseyi yagona pomwepo.

Agogo anali mayi wa amayi anga. Kusukulu sanapondeko, pofunika dzina lawo ankadinda chala, koma m'mudzi mwathu munalibe munthu wokonda mapepala ngati iwo. Poyamba ankawafunira kukulungira zitumbuwa basi. Nthawi ya chipani chimodzi pepala linali losowa. Pamkuyu wa pamsika pathu pankakhomedwa zinthu ziwiri zokha, katemera wa agalu ndi tsiku la msonkhano, ndipo ukalithothola pepala loterolo unkakagona kwina. Zipani zambiri zitabwera, abale inu, zinangokhala ngati wina watsegula khola. Aliyense anayamba kukhoma chake: asing'anga, ogulitsa mbewu ya haibulidi, oonetsa kanema, abusa a mipingo imene sitinaimvepo chibadwire, akalipentala, a zipani, ngakhale munthu wofuna kugulitsa bakha mmodzi. Mkuyu uja unavala mapepala mpaka pamene umalekeza mkono wa munthu wamtali. Ena ankangokupatsa m'manja usanapemphe, ena ankamwaza ali m'galimoto, ana tikuthamangira m'fumbi n'kumaphwanyirana.

Anthu ankadandaula kuti ndi zinyalala. Agogo ankatola. Aliyense wopita ku Boma, ku Nsambe kapena kumunsi ku Lisungwi ankamuuza kuti, "Mukandithotholereko mapepala akale, mudzadya chitumbuwa." Koma anali ndi lamulo limodzi: pepala silikulunga chitumbuwa lisanawerengedwe. Ndipo wowerenga ndinali ine, Elube, wa Sitandade 5. Malipiro anga anali chitumbuwa choyamba kutuluka m'chiwaya, chotentha chootcha lilime, pamodzi ndi tizinyenyeswa tokazingika timene ankakokola pomaliza. Ankanditcha "maso anga". Akangoti, "Maso anga ali kuti?" ndinkasiya phada pakati, ngakhale ndikupambana.

Ine ndinkawerenga, iwo akumvetsera mutu utapendekeka, fodya ali m'mphuno. Zimene pepala likulonjeza analibe nazo ntchito. Ndikukumbukira tsiku limene ndinawerenga la sing'anga wina amene ankati wachokera ku Mozambique.

"Yamba kumwamba," anatero. "Waika chiyani poyamba?"

"Mwayi wa ntchito, agogo. Kenako kubweza mwamuna wothawa. Kenako matenda a mgonagona."

"Nanga kusabereka?"

"Kuli kumunsi kwenikweni."

"Ooo! Chaka chatha kunali pamwamba."

"Ndiye mupitako kwa sing'angayu?"

Anandiyang'ana ngati ndaphwisa m'tchalitchi. "Iwe, ameneyu sangachize ngakhale chipere. Wamalonda amanama za katundu wake, koma sanama za chimene anthu akusowa. Akanama pamenepo agona ndi njala. Ukafuna kudziwa chimene chikuwawa anthu usavutike kufunsa abusa kapena aphungu, ingoona chimene akuwagulitsa."

Ndipo sankangomvera kumva. Chaka chimene sukulu inakhala yaulere, atamva mapepala atatu a makope ndi mapensulo otchipa m'mwezi umodzi, ananyamula beseni lawo kukaliika pachipata cha sukulu, n'kuyamba kuumba tizitumbuwa ting'onoting'ono toti mwana aliyense akwanitse. Amayi a mandasi anadzidzimuka malo abwino atatha. Mapepala a mbuzi zogulitsa atayamba kuoneka mu Okutobala, anauza amayi anga kuti asagulitse chimanga ngakhale lichero limodzi. "Anthu sagulitsa mbuzi mvula isanagwe ngati m'nkhokwe muli kanthu," anatero, ndipo dzinja limenelo ife tinadya anzathu akukaganyula. Koma kalipentala wina wa ku Boma, amene kale ankalemba mipando, matebulo ndi zitseko, atayamba kulemba MABOKOSI pamwamba ndi zilembo zikuluzikulu, agogo anangoti ndibwereze, n'kuliponya pepalalo pamoto osakulungira chilichonse.

Moyo wanga unali wabwino, ndikukuuzani, mpaka tsiku limene galimoto ya matola inatsitsa Dorini.

Dorini anali mwana wa amayi aang'ono a Felesiya, mng'ono wa amayi anga, amene anali telala ku Blantyre. Bambo ake anali atamwalira chaka chapitacho. Tinali a msinkhu umodzi. Anatsika ndi sutikesi yaikulu, bulangete lomanga ndi chingwe, nsapato zakuda za lamba ndi sokosi zoyera. Sokosi, kumudzi kuno, m'fumbi lofiirali! Kalata imene anabwera nayo inati amayi ake apita ku Zimbabwe kukapikula nsalu, mwanayo akhale kaye kwa agogo ake, adzamutenga tchuthi chikatha. Kalatayo ndinawerenga ndine, ndipo ndinaiwerenga bwino, osapunthwa ngakhale pamodzi. Palibe anayamikira. Agogo anayang'ana sutikesi, anayang'ana bulangete, kenako anamukoka mwanayo n'kumukhazika pamiyendo ngati khanda, chitsikana chachikulu ndithu, mapazi ofika pansi. Ine anali asanandikhazikepo pamiyendo chiyambire sukulu.

Tsiku lomwelo nkhuku inafa, chiwindi anadya ndi iye. Anamuyalira m'nyumba mwa agogo, mmene ine ndinkangolowamo kukasesa. Nditadandaula kwa amayi, anangoti, "Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Usachite mwano." Mame ake amenewo sanakamuke. Tchuthi chinatha, Dorini anayamba sukulu yathu, kalasi yanga yomwe, ndipo aphunzitsi ankamuimiritsa kutsogolo kuti tizimva mmene Chizungu chimatchulidwira.

Tsono pano pali tchimo langa laling'ono loti ndiulule, lalikulu likubwera. Mapepala ambiri osindikizidwa bwino, a zithunzi, ankabwera m'Chizungu, ndipo Chizungu changa chinkalekeza pa moni. Koma ine kunena kuti sindikudziwa? Bola kufa. Ndinkayang'ana chithunzi n'kupeka. Panali pepala lina la mayi womwetulira atanyamula botolo, ndinawauza agogo kuti ndi mafuta ophikira atsopano, moti anatuma anthu kawiri konse kukawafunafuna ku Boma. M'mawa wina, azimayi atatu ochokera kumjigo atatula ndowa zawo kuti agule zitumbuwa, linabweranso pepala lomwelo. Ndinayamba nyimbo yanga ya mafuta ophikira, Dorini ataima kumbuyo kwanga.

"Si mafuta ophikira amenewo," anatero ndi kamawu kake kapansipansi. "Ndi mankhwala owongolera tsitsi."

Agogo anasiya kutembenuza zitumbuwa. "Wati chiyani?"

"Owongolera tsitsi, agogo. Alemba apa."

"Elube! Ndiye chaka chonsechi wakhala ukundidyetsa bodza eti? Ukanandikazingitsa zitumbuwa m'mankhwala a tsitsi, mwana iwe?" Anaseka mpaka kutsokomola, misozi ili mbwembwembwe, azimayi aja akuombana m'manja. "Tanyamuka, mnzako akhale. Mlendo ndiye abweradi ndi kalumo kakuthwa."

Ndinanyamuka. Dorini anakhala pakampando kanga, anakonza diresi, n'kuyamba kuwerenga ngati wa pawailesi. Chitumbuwa choyamba cha mtanda wotsatira chitatuluka, agogo anachiuzira n'kumupatsa iye. Dorini ananyema pakati kuti andigawire. Ndinakana. Ndinati ndakhuta, mimba ikulira moti aliyense ankamva.

Kuyambira tsiku limenelo "maso anga" anali Dorini, ine ndinasanduka miyendo: kutunga madzi, kutola nkhuni, kusinja nthochi. Nsanje ingomverani kwa anzanu. Ndinkadana ndi mmene ankatafunira atatseka pakamwa. Ndinkadana ndi mmene ankanenera "zikomo" pa chilichonse, ngakhale ukamupatsira dala madzi m'kapu yobooka. Sokosi zake zija tsiku lina ndinazichotsa pachingwe n'kuziponya padenga la nkhokwe, ndinanamizira mphepo. Koma chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri chinali ufatse wake, chifukwa munthu wosabwezera sukhala naye poyambira ndewu. Ndikamunena kuti wa m'tauni sadziwa kusenza ndowa, ankangoti, "Usadandaule, amayi akabwera ku Zimbabwe ndipita." Tsiku lililonse Zimbabwe, Zimbabwe. Akamva galimoto ikubuula pachitunda ankathamangira kumsewu, ndipo ine ndinkapemphera naye limodzi kuti ikhale ya amayi ake, koma pa zifukwa zanga.

Chinanditsalira chinali chimodzi: Dorini sankawadziwa anthu. Akawerenga pepala lolembedwa pamanja loti wakutiwakuti akugulitsa ngolo kapena malata, agogo ankafunsa, "Ameneyo si mlamu wake wa uje, wa kutsidya?" iye n'kungoti kukamwa yasa. Ine ndili pamtondo ndinkayankha mokuwa, mpaka kutchula mayi wake wa munthuyo ndi kumene anakwatira, koma agogo ankangoti, "Eya," osatembenuka. Masiku amenewo anali atayamba kuumirira kwambiri mapepala olembedwa pamanja, lililonse ankati liwerengedwe kawiri, ndipo ine ndinkaganiza kuti akungofuna kumva mawu a Dorini. Ndiye ndinapangana ndi mtima wanga kuti ndizikumana ndi mapepala asanafike pakhonde. Mwina ndikanapezamo chinachake chimene agogo akanandiyang'anira kumaso.

Amene ankabweretsa ambiri anali a Bizaliyele, oyandikana nafe nyumba, amene ankatsika ku Lisungwi panjinga ndi madengu a manachesi n'kubwerako tsiku lotsatira akukankha njingayo chitunda chonse. Lachiwiri lina masana ndinakawachingamira pamlatho wa mitengo.

"Wachita bwino mwanawe, wandipeputsa," anatero akupukuta thukuta ndi chipewa, n'kundipatsa mpukutu womanga ndi luzi. Iwo sankawerenga, ankangothothola.

Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumasula. La kanema, la mbewu, la sing'anga, la msonkhano wa chitsitsimutso. Kenako pepala la m'kope, la mizeremizere, lolembedwa ndi bolopeni yabuluu, lokhala ndi zibowo za minga m'makona onse anayi:

ZOGULITSA. Makina osokera, simbi, bedi ndi matiresi, mapoto atatu, mbale. Mtengo tigwirizana. Funsani mayi Felesiya, telala wochokera ku Blantyre, kuseri kwa chigayo, pa Lisungwi.

Ndinawerenga katatu. Kenako ndinavina. Inde, ndinavina ndekhandekha pansi pa mango, mbuzi zikundiyang'ana. Zimbabwe yake ija inali kuseri kwa chigayo! Amayi a mwana wa sokosi akugulitsa mapoto! Ine anandigwira bodza la botolo limodzi, iye bodza lake linali dziko lathunthu. Sizinandifikire m'mutu kuti mwina Dorini sakudziwa. Ayi, ndisaname, zinandifikira, koma ndinazikankhira kumbali.

Ndikanatha kuthamanga nalo nthawi yomweyo. Kunyumba kunali pafupi, utsi wa agogo ndinkachita kuuona. Koma pakhonde Lachiwiri masana pamakhala ndani? Agogo, Dorini ndi nkhuku. Ine anandichotsa pampando anthu akuonerera, ndiye nanenso ndinkafuna anthu. Loweruka linali tsiku la msika, agogo ankakazingira pomwepo pansi pa mkuyu, ndipo Dorini ankawerenga mapepala ogula atazungulira. Ndinalipinda pepalalo kanayi n'kulibisa m'chiuno, mkati mwa lamba wa siketi. Ena onse ndinakapereka.

Masiku anayi amenewo ndinali mwana wabwino kwambiri. Ndinkatunga madzi ndikuimba. Ndinkasesa osatumidwa. Lachinayi Dorini anandigawiranso chitumbuwa ndipo ndinalandira, n'kumatafuna ndikumuyang'ana m'maso, pepala likundikanda m'chiuno. Amayi anauza agogo kuti Elube wayamba kukula.

Loweruka msika unadzaza. Panali milu ya kachewere ndi kabichi, usipa wonunkha dzuwa, mwana wa nkhumba akukuwa m'thumba, mabelu a njinga, wailesi ya wogulitsa kaunjika ikulimbana ndi mlaliki wa pachulu. Agogo anali pamalo awo, moto ukuyaka bwino, anthu ambiri ndithu ataima kudikira zotentha. Dorini atamaliza kuwerenga la mbewu, ndinadzikankhira kutsogolo.

"Agogo, latsala limodzi. Ili ndi la Chichewa, ndingathe."

Anthu anaseka, poti nkhani ya mankhwala a tsitsi inali itamveka mudzi wonse. Agogo anati, "Werengatu, koma usaonjezere mchere."

Ndinawerenga mokweza, liwu limodzilimodzi, kuposa mlaliki uja. Nditafika pa "mayi Felesiya" ndinaima pang'ono kuti ndione nkhope ya Dorini. "Kuseri kwa chigayo, pa Lisungwi," ndinamaliza. "Kaya Lisungwi ili ku Zimbabwe, ife akumudzi sitidziwa."

Palibe anaseka. Mayi wogulitsa tomato anagwira pakamwa. Dorini anandilanda pepalalo n'kuliyang'anitsitsa.

"Alemba ndi amayi," anatero. "Ndi amayidi."

"Bwereza," anatero agogo. Sanauze Dorini, anauza ine. Ankandiyang'ana ine ndekha, kumaso, mmene ndinkafunira miyezi yonseyi. "Yamba kumwamba."

Ndinali nditaliloweza. "Makina osokera."

"Eya."

"Simbi. Bedi ndi matiresi."

"Bedi?"

"Inde. Mapoto atatu, mbale..."

"Basi."

M'chiwaya zitumbuwa zinali zitayamba kuda, utsi wowawa ukukwera, iwo osaziona. "Wogulitsa makina ndiye kuti njala yamupana, adzagula ena," anatero, osalankhula ndi aliyense. "Koma bedi ndi mapoto? Munthu sagulitsa pogona ndi pophikira ngati akuyembekeza kudzuka." Kenako anatulutsa mawu amene ndinali ndisanawamvepo pakamwa pawo: "Mayo, mwana wanga ine!"

Dorini anayamba kulira, mayi wa tomato uja anamufungatira n'kupita naye pambali. Pepala linagwa pansi, agogo analitola. Anthu osadziwa zilembo ali ndi kawerengedwe kawo. Analisisita pakati pa zala, analinunkhiza, anayendetsa chikhadabo m'mizere yopinda imene inali itada ndi thukuta langa.

"Labwera liti?"

"Lero," ndinatero.

"Pepala la lero silifewa chonchi." Sanakweze mawu, moti palibe wina anamva. "A Bizaliyele anakwera Lachiwiri."

Analekera pomwepo. Anapukuta manja kunsalu, anamanga pepalalo pakona ya mpango, anapempha munthu kuti aphule chiwaya, n'kukagwira Dorini padzanja. Beseni la zitumbuwa ndinalisenza ndine kubwerera kunyumba, lili lodzaza.

Anapita atatu pa matola a masana, agogo, amayi ndi Dorini. Zimene anakapeza ndinamva kwa amayi. A Felesiya anali m'kachipinda ka lendi kuseri kwa chigayo, atagona pamphasa chifukwa bedi linali litapita kale, makina nawonso. Anali atatheratu, mafupa okhaokha. Anasankha Lisungwi kuti akhale pafupi ndi chipatala komanso kutali ndi maso a anthu owadziwa, poti masiku amenewo matenda aja ankatchulidwa monong'ona, ndipo wodwala ankachita manyazi kuposa wakuba. Katunduyo ankagulitsa kuti Dorini adzapeze poyambira kusekondale, ndi kuti bokosi lawo lisavutitse munthu. Anawazindikira onse, analira, anagwira nkhope ya mwana wawo ndi manja onse awiri. Koma mawu analibe. Mayi mwini nyumba anati, "Asiya kulankhula dzuloli. Lachitatu ankacheza bwinobwino, ankangotchula mwanayu, ati ali ndi zoti amuuze. Mukanabwera Lachitatu, amayi."

Amayi ankandifotokozera zimenezi akulira, osadziwa kuti akuuza ndani.

Anabwera nawo kumudzi atawagoneka kumbuyo kwa galimoto, ndipo anakhala masiku asanu ndi limodzi m'nyumba mwa agogo osatulutsa liwu. Dorini ankakhala pambali pawo kuyang'ana milomo yawo, kuti mwina. Pamaliro anagona pamiyendo pa agogo tsiku lonse, agogo akumusisita mutu. Ndipo ndinene chinthu chimene chimandichititsa manyazi ngati pepala lija: ndili pakona, ndikulira misozi yeniyeni ndithu, ndinachita nsanje. Ndinasirira mwana wamasiye chifukwa cha miyendo ya agogo.

Patapita milungu itatu agogo anayatsanso moto pakhonde. Mulu wa mapepala unali utakula, mwala uja sunkakwananso. Anaitana Dorini. Dorini anapukusa mutu n'kulowa m'nyumba, ndipo kuyambira pamenepo sanawerengenso pepala la malonda ngakhale limodzi.

"Elube," anatero agogo. "Khala apo."

Kampando kanali pamalo ake. Ndinakhala. Chitumbuwa choyamba anachiuzira n'kundipatsa. Nthochi zinali zomwezo, mafuta omwewo, koma sichinakome ngati kale.

"Agogo," ndinatero, "kodi Dorini munkamukondera chifukwa cha Chizungu?"

"Chizungu ndidye nacho chiyani ine? Mwana wobwera kutchuthi sabwera ndi bulangete ndi kadi yake ya kusikelo. Ndinadziwa tsiku lomwelo kuti mwanayu wabwera kudzakhala. Chimene sindinkadziwa n'chakuti mayi wake ali kuti. Ku Blantyre ndinatumako munthu, anakapeza m'nyumba muli ena. Ukuganiza kuti m'mapepala onsewa ndinkafunamo chiyani miyezi yonseyi?" Anatembenuza chitumbuwa. "Iwe uli ndi amayi ako, uli ndi bambo ako, uli ndi ine. Unkafunanso chiyani?"

"Ndinkafuna mundiyang'ane."

"Ndakuyang'anatu," anatero. "Werenga."

Za Lachiwiri lija sanauze munthu, ngakhale amayi. Sanandimenye, sananditukwane, ine ndikuchita kulakalaka atandikwapula kuti zithe. Koma kuyambira tsiku limenelo, pepala lililonse ndikamaliza kuwerenga, ankalitenga, kulisisita pakati pa zala, n'kufunsa funso limodzi: "Labwera liti?" Ngakhale ataliona okha likutsika panjinga, ankafunsabe. Anatero zaka zisanu ndi ziwiri mpaka anamwalira, ndipo dzina lija la "maso anga" sanandiitane nalonso.

Maliro awo atatha, amalume anati agogo anasiya mawu pa katundu. Chiwaya, beseni ndi kampando anasiyira Dorini. Ine anandisiyira kachitini ka fodya. Abale anaseka, ati Elube ayambe kufwenkha. Ndinakatsegula ndili ndekha kuseri kwa nkhokwe, ndipo munali pepala la m'kope lopindidwa kanayi. Ndinalira, komabe ndikuuzeni zoona, ine ndinkafuna chiwaya.

Lero ndili ndi kagolosale ku Neno Boma. Akabwera ogawa timapepala ta mipingo, ta mankhwala a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ta ntchito za ku Joni, anzanga a m'mashopu amataya pomwepo. Ine ndimalandira kalikonse, ndimayamba kumwamba, ndipo katundu wa m'golosale mwanga ndimapikula kutengera zomwezo. Mauthenga a m'foni obwera osaitanidwawa nawonso sindifufuta ndisanawerenge. Ndikaona pamtengo lolembedwa pamanja lokhala ndi bedi ndi mapoto, ndimatseka golosale tsiku lomwelo n'kupita kukamuona mwini wake, kaya ndikumudziwa kaya ayi. Anthu amati ndine mayi wachifundo, ndipo ndimangowasiya.

Dorini ndi namwino ku Blantyre. Mwana wake woyamba anamutcha Elube. Chaka chilichonse, mwezi umene amayi ake anamwalira, amandiimbira foni n'kunena zomwezo: "Pakanapanda maso ako, chemwali, amayi akanafera okha kuseri kwa chigayo. Ndiwe unawapeza." Za chipongwe cha Zimbabwe chija amati chinali chibwana, n'kuseka. Alibe chomulemera mumtima mwana ameneyu, ndipo nazonso ndimamuchitira nsanje. Ine ndimangoti, "Ndi Mulungu, chemwali," kachitini kali pashelefu patsogolo panga, pakati pa sopo ndi machesi.

Funso la agogo lija iye sanandifunsepo. Yankho lake ndili nalo, ndinalipinda kanayi.